Woimba wotsogolera akachoka, gulu lithe kapena lipitirire?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo yaitali, ndipo ndaifupikitsa chonchi: "Ndinakula ndi nyimbo za Linkin Park. Chester Bennington atamwalira ndinkati basi gulu lija latha. Pano aika Emily Armstrong koma dzina ndi lomwe lija. Akamaimba nyimbo zakale mtima umandiwawa, komabe zatsopanozi ndikuzikonda, moti ndimadziona ngati ndamutembenukira Chester. Kodi gulu lotchuka lingasinthe woimba wotsogolera n'kukhalabe lomwelo? Alipo amene zinawayendera?"

Zikomo polemba. Alipo amene zinawayendera, ndipo si ochepa. Alipo enanso amene zinawakanika mochititsa chisoni. Ine ndikaunika mbali ziwirizi ndimaona kuti kusiyana kwawo kumagona pa zinthu ziwiri: amene ankapeka nyimbo m'gululo anali ndani, ndiponso ngati wobwerayo analoledwa kuimba ndi liwu lake pa nyimbo zatsopano kapena anangomulemba ntchito yotsanzira mnzake.

Tiyambe ndi AC/DC, chifukwa nkhani imeneyi siingakambidwe popanda iwo. Bon Scott anamwalira ku London pa 19 Febuluwale 1980, gululo litangoyamba kumene kumveka kwambiri ku America ndi chimbale cha Highway to Hell. Angus Young ndi mkulu wake Malcolm anaganizapo zongosiya, koma makolo a Bon anawalimbikitsa kuti apitirize. Pofika mu Epulo anali atapeza Brian Johnson, yemwe kale ankaimba m'gulu la Geordie kumpoto chakum'mawa kwa England. Anapita kukajambula ku Bahamas, ndipo mu Julaye chaka chomwecho Back in Black chinatuluka, chikuto chake chili chakuda bii posonyeza kulira maliro. Kuchoka pa imfa kufika pa chimbale panangodutsa miyezi isanu. Chimbalecho chagulidwa pafupifupi makope 50 miliyoni, ndipo ndi chimodzi mwa zimbale zogulidwa kwambiri padziko lonse.

Mvetserani Bon ndi Brian motsatizana. Bon ankaimba ngati munthu wochenjera amene akukunong'onezani nkhani yachipongwe uku akumwetulira. Brian amang'amba kukhosi, liwu lake ndi lamasazamasaza komanso lokwera. Sanayesere kukhala Bon. Chimene chinagwirizira gululo ndi magitala a anyamata apachibale aja, makamaka la Malcolm, lomwe linali msana wa nyimbo zonse. Magitalawo atangolira, anthu anadziwa kuti ndi AC/DC, ndiye makutu awo anapeza pogwira pamene ankazolowera liwu latsopano.

Chaka chomwecho cha 1980, Black Sabbath inatulutsa Heaven and Hell ndi Ronnie James Dio, atachotsa Ozzy Osbourne mu 1979. Apa kusintha kunali kwakukulu zedi. Ozzy nthawi zambiri ankatsatira gitala la Tony Iommi momwe likuyendera, pomwe Dio ankadutsa pamwamba pake ndi njira yakeyake. Gulu lomwe linali litatopa linadzuka. Iron Maiden nayo inachotsa Paul Di'Anno mu 1981 n'kutenga Bruce Dickinson, ndipo The Number of the Beast cha mu 1982 chinafika pa nambala 1 ku UK. Van Halen itasiyana ndi David Lee Roth mu 1985 inatenga Sammy Hagar, ndipo zimbale zinayi za mu situdiyo zomwe anajambula naye zonse zinafika pa nambala 1 ku America, zomwe sizinachitikepo nthawi ya Roth. Mpaka lero okonda gululi amakanganabe kuti Van Halen yeniyeni ndi iti, koma palibe anganene kuti Hagar anali mthunzi wa munthu wina.

Tsono magulu omwewa ndi amenenso akutisonyeza momwe zimakanikira. Dickinson atachoka, Iron Maiden inatenga Blaze Bayley mu 1994. Bayley ndi woimba wabwino, ndipo ine zimandipweteka anthu akamamunyoza. Vuto linali la thupi: liwu lake ndi lotsika, pomwe nyimbo zambiri zomwe anthu ankabwerera zinapekedwa poganizira munthu wofika pamwamba kwambiri. Kuimba nyimbo yosakukwana kukhosi usiku umodzi n'kotheka. Kuiimba kwa maola awiri, usiku ndi usiku, kwa miyezi ingapo muli pa ulendo, liwu limasasa. Magulu ena amathana nazo potsitsa kiyi ya nyimbo, koma ukatsitsa kwambiri magitala amamveka mwina, ndipo omvera amazindikira kuti china chake chasowa ngakhale sangachitchule dzina. Bayley anajambula nawo zimbale ziwiri, Dickinson n'kubwerera mu 1999. Gary Cherone wa gulu la Extreme anajambula chimbale chimodzi chokha ndi Van Halen mu 1998. Ray Wilson nayenso anajambula chimodzi ndi Genesis mu 1997, Phil Collins atachoka. Mlandu wonse umagwera woimba poti ndiye amaima kutsogolo, komabe kunena zoona magulu amenewa nthawi imeneyo nyimbo zomwe ankapeka sizinali zamphamvu ngati kale, ndipo makutu a achinyamata anali atapita kwina.

Pali njira inanso, yofunafuna munthu wa liwu lofanana ndi la wochokayo. Neal Schon wa gulu la Journey anapeza Arnel Pineda pa YouTube mu 2007, akuimba nyimbo za magulu ena ndi anzake ku Philippines. Mukatsinzina mukhoza kulumbira kuti ndi Steve Perry, woimba wotsogolera wakale wa Journey. Pineda wakhala m'gululi nthawi yaitali kuposa Perry mwini wake, ndipo ndimamulemekeza kwambiri, chifukwa nyimbo zimenezo n'zovuta ndipo iye amazikwanitsa. Komabe anthu amagula matikiti kuti akamve nyimbo za m'ma 1980. Njira iyi imasunga zoimbaimba kuti zipitirire, koma kawirikawiri siibala nyimbo zomwe mbadwo wina udzakule nazo.

Queen inachita mwaulemu umene ine ndimaukonda. Freddie Mercury atamwalira pa 24 Novembala 1991, John Deacon anapuma patapita zaka zochepa, ndipo Brian May ndi Roger Taylor atabwerera pansanja anaika kachizindikiro kophatikiza pakati pa dzina la gulu ndi la woimba: Queen + Paul Rodgers, kenako Queen + Adam Lambert. Anauziratu aliyense kuti mpando wa Freddie sunalowedwe, uyu ndi mlendo wolemekezeka amene akuimba nawo. Ena anasankha kusiyiratu dzina. Ian Curtis atamwalira mu 1980, otsala a Joy Division anadzitcha New Order n'kuyamba kuimba zamtundu wina. Nirvana inathera pa imfa ya Kurt Cobain mu 1994, ndipo sizikanatheka mwina, chifukwa pafupifupi nyimbo zonse ankapeka ndi iyeyo. Woimba ng'oma wa gululo, Dave Grohl, anakayambitsa Foo Fighters.

Ndiye Linkin Park ili mbali iti? Apa ndikupemphani mukumbukire mbiri ya gululi. Analiyambitsa mu 1996 ndi Mike Shinoda, Brad Delson ndi Rob Bourdon, ndipo woimba wawo woyamba anali Mark Wakefield. Chester analowa mu 1999, m'malo mwa munthu wina. Shinoda wakhala akupeka nawo nyimbo, kuimba rap ndiponso kukonza kamvekedwe ka zimbale kuyambira pachiyambi. Kumbali ya upeki, gululi likufanana kwambiri ndi AC/DC kapena Alice in Chains kusiyana ndi Nirvana. Alice in Chains inataya Layne Staley mu 2002, William DuVall n'kulowa mu 2006, ndipo zinatheka chifukwa Jerry Cantrell, amene ankapeka nyimbo zambiri ndi kuimba liwu lachiwiri, anali akadalipo.

Chinanso chimene ambiri amaiwala n'chakuti Chester mwini wakeyo anagwirapo ntchito yomwe Emily akugwira lero. Stone Temple Pilots itachotsa Scott Weiland mu 2013, amene anaima pamalo pake mpaka 2015 anali Chester, yemwe ankalikonda gululo kuyambira ali mnyamata. Ankadziwa kulemera kwa kuimba nyimbo za munthu wina pamaso pa anthu omwe akufuna mwini wake. Sindinganene zomwe akanaganiza za Linkin Park ya lero, ndipo aliyense wokuuzani motsimikiza kuti akanakondwa kapena akanakwiya akungomuika mawu m'kamwa. Chimene tikudziwa n'chakuti iye sankaona kulowa m'malo mwa woimba wina ngati tchimo.

Komabe sindikufuna kupeputsa ululu wanuwo, chifukwa nkhani ya Chester ili ndi kulemera kwina kumene ya Roth kapena Dickinson ilibe. Ankaimba za nkhawa ndi mabala a mumtima, ndipo achinyamata ambiri anapirira masiku ovuta chifukwa chomva kuti pali wina amene akudziwa zomwe akudutsamo. Kenako pa 20 Julaye 2017 anadzipha. Nyimbo zija zinasanduka umboni wa moyo wa munthu, ndiye mukamva wina akuziimba zimakhala ngati mwalowa kukhitchini n'kupeza mayi wokupezani akuphika ndi ziwiya za malemu mayi anu. Palibe chimene walakwa, ndipo mwina amaphika bwino, koma mtima sufunsa zimenezo. Ngakhale ena a m'banja la Chester anadandaula poyera gululi litabwerera, choncho si inu nokha.

Maganizo anga ndi akuti otsalawo anali ndi ufulu wopitiriza, ndipo njira yomwe anasankha ndi yabwino mwa zonse zomwe zinalipo. Anadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Atalengeza pa 5 Sepitembala 2024 anabwera ndi nyimbo yatsopano tsiku lomwelo, ndipo chimbale cha From Zero chinatuluka mu Novembala. Oimba otha kutsanzira Chester alipo ambirimbiri pa intaneti, koma iwo anatenga mkazi wa gulu la Dead Sara amene ali ndi kukuwa kwakekwake. Akanatenga wotsanzira, usiku uliwonse ukanakhala sewero la munthu wakufa, ndipo zimenezo ine ndikanaziona ngati chipongwe chachikulu.

Za ndalama tisabise, zilipo. Dzina la gulu lotchuka ndi chuma, limadzadza mabwalo amene dzina latsopano silingadzadze, ndipo kumbuyo kwake kuli anthu ambiri a zokuzira mawu, magetsi ndi magalimoto amene amadyera pomwepo. Kufuna kupitiriza ntchito imene unaimanga kwa zaka makumi awiri si chinthu chochititsa manyazi. Chomwe chimandiipira ndi zonga zomwe INXS inachita mu 2005, kufunafuna wolowa m'malo mwa Michael Hutchence kudzera pa mpikisano wa pa TV. J.D. Fortune anapambana, anajambula nawo chimbale chimodzi, ndipo pofika 2012 gululo linasiya kuyenda maulendo oimba. Kusankha munthu amene mudzapeke naye nyimbo kumafuna kukhala naye mu situdiyo kwa miyezi, osati pamaso pa makamera.

Kunena za inuyo, simukukakamizidwa kukonda zonse kapena kukana zonse. Ngati nyimbo zakale m'kamwa mwa Emily zikukupwetekani, zisiyeni, zimbale za Hybrid Theory ndi Meteora zilipo momwe Chester anazisiyira. Zatsopanozo zimvereni momasuka, sizikumulanda kanthu. Ndipo musafulumire kugamula. Chimbale choyamba chimakhala ndi mphamvu ya chidwi, aliyense amafuna kumva kuti wobwerayo ndi wotani. Ine ndikudikira kuona ngati patapita zaka zisanu anthu m'bwalo adzaimbe nawo nyimbo za Emily mokweza ngati momwe amaimbira zakale. Johnson, Dio ndi Hagar anafika pamenepo, pomwe Cherone ndi Wilson sanapatsidwe n'komwe chimbale chachiwiri choti ayesere.