Mapointsi 17 koma Physics 7: yankho kwa achemwali a ku Chinamwali

Achemwali, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati mtsikana wanu walandira zotsatira za mayeso a Fomu 4, a MSCE, wapeza mapointsi 17, ndipo mtima wake uli pa udokotala kapena unamwino. Magiredi mwatipatsa ndi awa: Chichewa 1, Biology 2, Agriculture 2, Geography 3, Chingerezi 4, Chemistry 5, Masamu 6, Physics 7. Mukufunsa ngati 17 ndi wokwanira kulowa yunivesite, ngati mupemphe kuti pepala la Physics lichongedwenso, kapena mwana angobwereza. Mwatchulanso bambo wina amene wakuuzani kuti mukampatsa kangachepe akhoza kumupezera malo. Ndaphunzitsa ku sekondale kuno ku Zomba zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse ndimakhala pansi ndi makolo atagwira kapepala ngati kameneka m'manja, ndiye ndikuuzani zomwe ndimawauza.

Choyamba, muyamikeni mwanayo. Wakhoza, ndipo wakhoza bwino. Musalole kuti 7 mmodziyo aphimbe 1 ndi ma 2 awo, chifukwa ana amawerenga nkhope ya kholo asanamve mawu ake.

Tsono tiyeni tikawerenge kapepalako bwinobwino. Ku MANEB, bungwe loyendetsa mayeso, giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass wamba, ndipo 9 ndiye kulephera. Mapointsi amene tonse timafunsana pamsika ndi m'minibasi aja amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino kwambiri, Chingerezi chili momwemo. Nambala ikachepa ndiye kuti zili bwino: mapointsi 6 ndiwo mapeto a kukhoza, pomwe amene wapeza 6 pa phunziro lililonse amakhala ndi 36. Kwa mtsikana wanu, 1, 2, 2, 3, 4 ndi 5 ndi amene apanga 17 ameneyo.

Mwaona chimene chachitika? Masamu ndi Physics sanalowe m'chiwerengerocho. Akhala kunja chifukwa ndi achisanu ndi chiwiri ndi achisanu ndi chitatu. Ndiye 17 akuoneka wokongola, koma sakunena kanthu za maphunziro awiri amene kosi imene mwana akuifuna imayang'ana kwambiri. Apa ndi pamene makolo ambiri amapwetekedwa mtima. Amamva kuti mwana wa aneba wasankhidwa ndi mapointsi 22 pomwe wawo wa 17 watsala, ndiye amayamba kuganiza za ziphuphu kapena kukondera. Nthawi zambiri nkhani yake imakhala yakuti anawo anapempha makosi osiyana, ndipo kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi amangokutsegulira chitseko chofunsira malo. Mtsikana wanu ali nawo asanu ndi awiri, ndiye pamenepo wadutsa. Koma udokotala umafuna magiredi amphamvu pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, ndipo 7 si credit. Ndikuuzeni mosabisa, achemwali: ndi magiredi amenewa, udokotala chaka chino ndi wovuta kwambiri. Kuli bwino mumve kwa ine lero kusiyana n'kudzamva pa tsiku lotulutsa mayina.

Ife a kale tinkalemba mayeso ena apadera olowera ku yunivesite tikatha Fomu 4. Masiku ano kulibe zimenezo, kapepala ka MSCE komweka ndi kamene kamayankhula. Bungwe la NCHE ndi limene limayendetsa ntchito yosankha ana opita ku mayunivesite aboma, pa fomu imodzi. Dongosolo la quota lija, losankha ana potengera kumene akuchokera, boma linalengeza mu 2020 kuti latha, ndiye musawerengere zakuti kwathu ndi boma lakuti. Dziwaninso kuti mayina anasintha mu 2021: Chanco yathu ya ku Chirunga ndiyo ikutchedwa University of Malawi, Poly ya ku Blantyre ndi MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS. Kuwonjezera apo pali LUANAR ku Bunda, Mzuzu University, ndi MUST ku Thyolo. Ndikutchula izi chifukwa ndaonapo makolo akufunafuna dzina la College of Medicine pa fomu osalipeza.

Chimene ndikufuna muchite ndi ichi. NCHE ikatulutsa chidziwitso choitana ana kuti afunsire malo, musangomvera za pa WhatsApp. Pezani chikalata chenichenicho, mukachisindikize m'tauni ngati n'kotheka, mukhale pa mkeka ndi mwanayo, kapepala ka zotsatira kali pambali, cholembera kumanja. Kosi iliyonse alemba maphunziro ndi magiredi amene akufuna. Muziyenda mzere ndi mzere: iyi akukwanira, iyi sakukwanira. Ntchitoyi imatenga madzulo amodzi okha, koma ndi ana ochepa amene amaichita. Ambiri amalemba mayina a makosi amene anawamva kwa anzawo.

Ndinali ndi mnyamata wina m'kalasi mwanga, wanzeru zedi, amene anapeza mapointsi abwino kuposa a mtsikana wanu. Pa fomu anadzaza malo onse ndi makosi amene dziko lonse limalimbirana, ndipo awiri mwa iwo sankakwanira n'komwe chifukwa cha giredi ya phunziro limodzi. Mayina atatuluka iye palibe, anzake amene ankawathandiza masamu apita. Anakhala pakhomo chaka chathunthu. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndikanakhala naye pansi mphindi makumi atatu zokha, nkhani ikanakhala ina. Ndiye pa fomuyo, pamwamba mwana aike kosi imene akuikonda ndipo akukwaniradi, pakati aike imene mpikisano wake ndi wochepa pang'ono, ndipo pomaliza aike imene magiredi ake akuposa zofunika. Asawononge malo ngakhale amodzi pa kosi imene yalemba kuti ikufuna credit ya Physics.

Taonani mphamvu zake: Biology 2, Agriculture 2, Geography 3, Chemistry credit. Mwana wotereyu ayang'ane bwino makosi a ku LUANAR, a zaulimi, ziweto, zachilengedwe ndi a kadyedwe koyenera. A kadyedwewa ambiri amakagwira ntchito m'zipatala momwemo, ndi ana onyentchera ndi odwala shuga, ndiye sali kutali ndi chimene mtima wake ukufuna. Ku Mzuzu kuli za nkhalango ndi za nsomba. Kuno kwathu ku Chirunga kuli za uphunzitsi, ndipo 1 wa Chichewa ndi 4 wa Chingerezi si zinthu zopeputsa kwa amene angafune kuphunzitsa zilankhulo. Za unamwino musaziike pa KUHeS pokha. Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi konkuno ku Zomba, ku Malosa kuli St Luke's, ndipo ku Domasi kuli koleji ya aphunzitsi a sekondale. Iliyonse mukawerenge yokha zimene ikufuna, makamaka pa sayansi, musanalipire ndalama ya fomu.

Za kuchonganso. Njirayo ilipo, ndipo ndi ufulu wa mwana. Pempho limadzera kwa ahedi a sukulu imene analembera, mumalipira pa phunziro lililonse, ndipo nthawi yake imakhala yochepa zotsatira zikangotuluka. Ngakhale likulu la MANEB lili pakhomo pathu pompano, musakwere kabaza kupita kumeneko nokha, yambirani ku sukulu. Koma musanatulutse ndalama, fufuzani zinthu ziwiri. Pa mayeso a mock ndi a materemu a Fomu 4, mwanayu ankapeza bwanji Physics? Nanga pepala la practical linamuyendera bwanji? Mufunseni modekha, pa awiri, osati pamaso pa abale ake. Ngati chaka chonse ankakhala pamwamba ndipo aphunzitsi ake a Physics nawo adabwa, pemphani. Ngati ankazungulira pomwepo pa pass, sungani ndalamayo. Mwa ana amene ndawaona akupempha, ambiri giredi inabwerera yomweyo, ndipo amene zinawasinthira anali aja amene aphunzitsi tonse tinagwira pakamwa titaona zotsatira.

Kubwereza ndiko kumafuna kuganiza mozama, ndipo yankho lake lili ndi mwanayo kuposa inu ndi ine. Ngati udokotala ndi chinthu chimene wakhala akuchinena kuyambira ali ku pulayimale, osati chifukwa achibale amamutchula kuti adokotala, chaka chimodzi si chachikulu. Koma asabwereze chimbulimbuli. Werengani m'chidziwitso cha NCHE kuti akulola zotsatira za zaka ziti, ndiponso ngati akulola kuphatikiza magiredi a maulendo awiri pa kosi imene akuifuna, chifukwa pamenepo ndi pamene mudziwe ngati alembenso Physics, Masamu ndi Chemistry zokha kapena maphunziro onse. Muonetsetsenso kuti kumene akabwerezeko kuli labu ndi mphunzitsi wa Physics weniweni. Kubwereza pa malo opanda zipangizo kumabweretsa 7 yemweyo, nthawi zina 8. Ine ndikanakhala inu ndikanachita zonse ziwiri: afunsire malo chaka chino pa makosi amene akukwanira, ndipo alembetsenso mayeso, poti kulembetsa kumatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanayambe. Akasankhidwa adzasankha yekha chochita ali ndi malo m'manja.

Bambo wa kangachepe uja mutalikirane naye. Musamupatse ndalama, nambala ya mayeso, ngakhale chithunzi cha kapepalako. Anthu amenewa amatulukira nyengo ino chaka chilichonse. Amatolera kwa makolo khumi, ana awiri akasankhidwa mwa nzeru zawo amati ndi iwo achita, enawo amawauza kuti adikire mndandanda wachiwiri mpaka foni itazima. Ndipo giredi yosinthidwa mwachinyengo ikadzadziwika, amene amachotsedwa sukulu ndi kunyozeka ndi mwana, osati bamboyo. Ndalama imene muyenera kulipira ndi imene yalembedwa pa chidziwitso, ku akaunti imene yalembedwa pomwepo, ndipo risiti muisunge.

Pali tinthu ting'onoting'ono timene timavutitsa pambuyo pake. Onani ngati dzina lalembedwa mofanana pa kapepala ka zotsatira ndi pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo. Ngati pali kusiyana, uzani ahedi tsopano satifiketi isanasindikizidwe. Kapepalako mukapange fotokope zingapo, chenichenicho chikhale m'chikwama chosalowa madzi. Za fizi musataye mtima msanga: kuli bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo mwana akasankhidwa afunsire nthawi yomweyo, asadikire kuti akafike kaye ku sukulu. Ndi ngongole, adzabweza akayamba ntchito, koma yathandiza ana ambiri amene ndawaphunzitsa.

Mawa m'mawa pitani limodzi ndi mwanayo kwa ahedi, mutenge malipoti ake a Fomu 4. Mukafunse tsiku lomaliza kupempha kuchonganso, ndipo mupemphe kuonana ndi aphunzitsi ake a Physics. Mukabwerako mudzatiuze zimene anena, ndipo chidziwitso cha NCHE chikatuluka ndidzakuthandizani kusanja makosiwo.