Mumaseka Yamcha chifukwa simunathyokepo fupa

Funso muno linali la malo osayamikiridwa mu katuni ya Dragon Ball, ndiye inu mwadzaza makomenti ndi Goku kusanduka Super Saiyan ku Namek, Gohan kumaliza Cell ndi dzanja limodzi, Vegeta kudziphulitsa kuti aphe Majin Buu? Abale, zimenezo zili pa matisheti a pa kaunjika, ngakhale mwana amene sanaonerepo gawo ndi limodzi lomwe amazidziwa. Winanso waponya kale chithunzi chija cha Yamcha, mnzake wa Goku, atafa chogona chammbali m'dzenje, anthu n'kumafa nacho chiseko. Chimenecho ndiye chandiyabwa, ndiye mundipirire, ndilemba zambiri.

Ambiri muno munayambira pa Dragon Ball Z, yotsatira yake. Dragon Ball yoyamba, ya 1986 mpaka 1989, magawo 153, munaidumpha ati ndi ya ana. Komatu nkhonya ndi mateche enieni zili mmenemo, anthu asanayambe kuphulitsa mapulaneti. Pitani ku mpikisano wa ndewu wa Tenkaichi Budokai wa nambala 22. Yamcha akukumana ndi Tien, mnyamata wa maso atatu wa ku sukulu ya ndewu ya Crane. Yamcha ameneyu si wa m'dzenje mukumusekayu ayi. Wakonzeka, akumenya bwino, mpaka akutulutsa Kamehameha, mphamvu yowala yotuluka m'manja, anthu osayembekezera. Tien akuibweza, akumumenya mpaka kukomoka. Ndewu yatha pamenepo, aliyense akuona kuti yatha. Koma Tien akutsika kuchokera m'mwamba, bondo patsogolo, n'kutera pamwendo wa munthu wokomoka kale. Mwendo thyo. Palibe chimene anapindula nacho, anali atapambana kale.

Ine gawo limenelo sindimaliona ngati katuni.

Ndili Folomu 3 ndinkaphunzira karate. Kalabu yathu inkakumana madzulo m'kaholo kena, pasimenti penipeni, popanda choyala, mapazi ali bii ndi fumbi. Sensei wathu, mphunzitsi wa karate, dzina sinditchula ngakhale ndikudziwa pamene amamwera mpaka lero, anatisonkhetsa ndalama za yunifolomu ndi malamba. Amayi anga ankagulitsa zitumbuwa, ndalama imeneyo anachita kukatenga ku banki m'khonde kuti mwana wawo asamaoneke wosiyana ndi anzake. Miyezi inadutsa, yunifolomu osaoneka, tikumangosewera ndi makabudula a sukulu. Amayi tsiku ndi tsiku kundifunsa. Ndiye tsiku lina titafola mzere ndinakweza dzanja, mwaulemu ndithu, manja kumbuyo pambuyo pake, ndikuti sensei, amayi akufunsa za yunifolomu zija. Holo yonse inangoti zii. Iye sanayankhe. Anamwetulira, n'kunena kuti lero tichita kumite, kumenyana awiriawiri, ndipo ine ndiyambe, ndi senpai, wophunzira wamkulu.

Senpai ameneyu anali wa lamba wabulauni, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, ine wongoyamba kumene. Ndipo chimene chimandiwawa, tinkagwirizana. Ankandiperekeza mdima ukagwa. Dragon Ball yomweyi tinkaonera limodzi pa kompyuta ya msuweni wake, iye n'kumati Tien ndi munthu wake. Ndiye nditaima naye sindinaope, ndinkati angondiseweretsa basi.

Anandisesa miyendo, ndinagwa chagada, nkhongo inagunda simenti, m'makutu muli ngwee. Pa karate munthu akagwa choncho mphunzitsi amakuwa kuti yame, zatha, aliyense abwerere pamalo pake. Palibe anakuwa. Ndinatembenuka kuti ndidzuke, dzanja lamanja nditatsamiza pansi, ndipo ndinamuona ndi maso angawa senpai akuyang'ana kwa sensei. Sensei anagwedeza mutu kamodzi kokha. Chidendene chinatera pamkono panga, pamwamba pang'ono pa dzanja. Kulira kwake ngati nzimbe ikamathyoledwa pabondo. Ululu sunabwere pompo. Choyamba ndinamva nseru, thukuta lozizira, kenako ndinaona dzanja langa litapindikira kumene silinapindikirepo chibadwire. Kamtsikana kena ka Sitandade 7 kanayamba kulira. Anyamata anzanga onse maso pansi. Ndiye sensei akuti dzuka, uwerame, uthokoze mnzako wakuphunzitsa. Ndinadzuka, abale. Ndinawerama, mkono ukulendewera, ndikuthokoza munthu amene wangondithyola.

Panja anandimanga mkono ndi malaya anga omwe, anandifumbatitsa ndalama ya kabaza, n'kundinong'oneza kuti kuchipatala ukanene kuti wagwa panjinga, ukatchula karate kalabu itsekedwa ndipo anzako onsewa udzakhala wawalakwira ndiwe. Taganizani, mwana wa Folomu 3 kumusenzetsa mlandu wotero ali ndi fupa lothyoka. Anandiika chikhakha, mayeso a teremu imeneyo ndinalemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zake ngakhale ine sindinkaziwerenga. Amayi atamva zoona zake anapita kukamuona munthu uja. Anawayankha ataimirira, manja m'thumba, kuti mayi, karate si netiboli. Mayi wamkulu, wakuti akanatha kumubereka. Za ndalama anati ziri m'njira. Mpaka lero ziri m'njira. Munthu wopanda manyazi, wakuba, wobisala kumbuyo kwa lamba wakuda ndi timawu tachijapanizi tiwiri titatu. Ndimamva kuti anthu amamupatsabe ana awo.

Tsopano bwererani ku mpikisano uja, muone chifukwa chake ndikuti malo amene simuwatchula ndi amenewa. Ndime yomaliza, Tien ndi Goku. Tien ali ndi chifukwa chodana naye, poti Goku ndi amene anagonjetsa Tao, mng'ono wake wa mphunzitsi wake Shen. Tao ameneyu ndi munthu amene Tien ankafuna kudzakhala ngati iye, wakupha anthu polipidwa. Ndewu ili mkati, Goku akungouma thupi mwadzidzidzi, Tien n'kumamukhoma. Kenako Tien akuzindikira kuti si mphamvu zake ayi, ndi Chiaotzu, kamnzake ka Tien, kakumanga Goku ndi mphamvu za m'maganizo potumidwa ndi Shen. Akukauza kuti kasiye. Shen akulamula Tien kuti amuphe Goku. Tien akukana, pamaso pa chikhamu chonse, akuti zakupha anthu sakuzifunanso. Mphunzitsi amene anamulera, amene anamuphunzitsa chilichonse chimene amadziwa. Chiaotzu nayenso akukana kumvera, Shen akufuna kukapha, ndiye Roshi, mphunzitsi wa Goku, akumuulutsa ndi Kamehameha.

Koma pamene pamandigwira ine ndi potsatira pake, ndipo sindinaonepo munthu akupatchula. Tien akuima chilili, osatchinga, kumulola Goku kuti amumenye, kubweza nkhonya zija anamumenya ali womangidwa. Palibe anamuuza. Akanatha kungoti zapita, tiyeni tipitirize, ine sindinadziwe. Ayi, akuwerengera ngongole yake n'kuilipira ndi thupi lake pomwepo. Ngakhale Kikoho, mphamvu yake yoopsa imene anaphwanyira bwalo lonse, anayamba wamuchenjeza Goku kuti aizinde. Tien anapambana mwamwayi chabe, onse awiri akugwa kuchokera kumwamba Goku anagunda galimoto n'kuyamba ndiye kufika pansi, ndipo Tien mwini wake anadziwa, mpaka anafuna kumugawira theka la mphoto, Goku n'kukana. Kenako anapepesa kwa Yamcha za mwendo uja. Mawu ochepa, opanda nyimbo yaikulu kumbuyo, opanda tsitsi kusintha mtundu. Yamcha, amene mukumusekayu, anavomera osasunga mangawa, ndipo pambuyo pake anamenya nkhondo limodzi mpaka kufera tsiku limodzi adani aja Nappa ndi Vegeta atabwera.

Ndipo onani, Tien poyamba anali woipa kuposa senpai wanga. Mwendo wa Yamcha anauthyola yekha, mwa nkhanza zake, palibe anamugwedezera mutu. Wanga uja anachita kutumidwa. Ndiye kwa iye kunali kosavuta, akanangobwera kunyumba n'kunena kuti aise, anandituma, ndinaopa, pepa. Ndikanamva. Nthawi yonse ya chikhakha ndinkati pakagogodedwa pakhomo ndiye ameneyo. Sanabwere. Tinadzakumana patapita zaka pa depoti ya minibasi, iye n'kumati aise bho, unasowatu. Maso ake anapita pamkono panga n'kuthawapo msanga, kenako akufuna andigulire chakumwa. Munthu amene ankati Tien ndi munthu wake. Anaonera magawo onsewo pambali panga, koma chimene anatolapo ndi bondo lija basi.

Roshi nayenso mumamuchepetsa. Inde ndi nkhalamba yachimasomaso, zina zimene amachita kwa mtsikana Bulma sindingaonetse mwana wanga, ndipo Krillin, wophunzira mnzake wa Goku, anachita kumuhonga ndi magazini olaula kuti amulandire. Sindikumuyeretsa. Koma taonani mmene ankaphunzitsira. Miyezi isanu ndi itatu, Goku ndi Krillin kugawa mkaka m'mamawa wapansi, kulima munda ndi zala, kugwira ntchito ya zomangamanga, kusambira m'nyanja muli shaki, kumangidwa pamtengo n'kumazinda njuchi, chigoba cha kamba cha makilogalamu 20 kumsana, pambuyo pake 40. Pakati pa zonsezo ankawakhazika pansi kuwaphunzitsa kuwerenga ndi masamu, ndipo masana kunali kugona. Kupuma ankakuwerengera ngati mbali ya maphunziro. Pa mpikisano wa nambala 21 anavala wigi, n'kudzitcha Jackie Chun, kuti awagonjetse ophunzira ake omwe, kuopa kuti akapambana ali aang'ono adzatupa mitu n'kusiya kulimbikira. Ndiye pa wa 22 atakumana ndi Tien, wophunzira wa mdani wake Shen, anamenyana naye uku akumulankhula kuti asiye njira ya Shen, kenako anangotsika yekha pabwalo, kuluza dala ndewu isanathe. Mphunzitsi wa dzina lalikulu chonchija kulola kuoneka wogonja kuti mwana wa wina aganize bwino. Wathu uja kufunsidwa funso limodzi lokha pagulu anaona ngati wavulidwa.

Nanga Nam mukumukumbuka? Palibe wamutchula muno. Anachokera kumudzi kogwa chilala, anabwera ku mpikisano wa 21 kudzafuna mphoto ya 500,000 zeni kuti akagulire anthu akwawo madzi. Analuza kwa Goku, n'kumanyamuka wopanda kanthu. Roshi anali atadziwa kale vuto lake. Anamutsatira mwakachetechete, anamupatsa kapisozi kosungira madzi ambiri, n'kumuuza kuti kuno madzi sagula, angotunga. Munthu anali wokonzeka kufera pabwalo chifukwa cha chinthu chimene kumeneko chinali chaulere. Malipiro ake, Nam anangovala ngati Roshi n'kuima m'chikhamu kuti Yamcha asiye kukayikira Jackie Chun. Mphoto ija Roshi ataipambana, pafupifupi yonse inathera pa chakudya chimene Goku anadya usiku umodzi. Uyu ndalama zake kuthera m'mimba mwa mwana wa sukulu, wathu uja ndalama za ana a sukulu kuthera m'mimba mwake.

Wina anena za Tien kumupanikiza mdani uja Cell m'dzenje ndi Kikoho mobwerezabwereza kuti Android 18 athawe, mpaka iye kutsala pang'ono kufa. N'zabwino, sindikukana. Koma amene anaima pamenepo ndi yemwe uja anakana Shen. Mukadumpha mpikisano wa 22 mumangoona kuwala ndi kukuwa. Fufuzani magawo a m'ma 80 mpaka 101, bandulo yake siidandaulitsa. Mukonzekeretu mtima chifukwa chisangalalo chake sichikhalitsa, Krillin akubwerera kukatenga ndodo ya Goku ndi mpira wa nyenyezi zinayi zimene Goku anaiwala, ndipo zimene akupeza anzake kumeneko mukazionere nokha.

Kwa amene mwatengeka ndi makatuniwa mpaka mukufuna kuyamba karate kapena kutumiza mwana, tumizani, musaope. Ine ndemwe ndikanakonda ndikanapitiriza, imalimbitsa thupi, imachotsa mantha, ndipo aphunzitsi abwino alipo. Koma tsiku loyamba mupite nawo, mukhale pakona muonere mpaka kumapeto. Muone ngati akukuwa yame munthu akagwa. Ndalama iliyonse alembe pa pepala asaine. Mwana mumuuze kuti azimvera sensei, asamatsutse, akati werama awerame, chifukwa wamakani saphunzira kanthu, ngakhale Goku ankanyamula mkaka monga anauzidwira. Za ndalama asamafunse yekha pamzere, muzipita ndinu akuluakulu, pambali. Koma akadzamugwedezera mutu kuti apweteke mnzake amene wagwa kale, akane, atenge nsapato zake azibwera kunyumba, za lamba tidzaona. Ndipo wina akakulakwirani musamadikire kuti adzagogoda pakhomo, mungodwala nazo, khululukani muzipita. Senpai uja ine ndinamusiya, chakumwa chake chokha ndi chimene ndinakana. Koma sensei ndiye ayi. Ngati muli m'gulu lino bambo, kapena wina akutumizirani zimenezi, ndalama ya amayi anga ya yunifolomu ija ndikuifunabe, pamodzi ndi chiwongola dzanja chimene anabweza ku banki m'khonde.