Chionetsero cha bonsai cha m'dera lanu: mupiteko, koma kamtengo kayambe katsala

Mbale wathu wina amene amagwira ntchito yosamalira maluwa ku Joni wanditumizira imelo. Ali ndi timitengo tinayi ta bonsai (mitengo yolimidwa m'miphika n'kumaumbidwa kuti ikhale yaing'ono), kuphatikizapo kachere ndi kamlambe kofesa yekha, ndipo wamva kuti kalabu ya m'dera lawo ikukonza chionetsero. Akufunsa ngati n'koyenera kutaya Loweruka lonse ndi ndalama ya thiransipoti pa chionetsero chaching'ono chotere pomwe mitengo yapamwamba ya ku Japan ikuoneka pa YouTube, komanso ngati angatenge mtengo wake kukauonetsa.

Achimwene, za kutenga mtengo n'zosavuta kuyankha, tifikako. Chimene chandikhudza ndi mbali yoyambayo. Maganizo oti chionetsero cha pafupi n'chotsika ndipo zenizeni zili kutali ndi amene akupha mitengo yambiri ya anthu ongoyamba kumene.

Za ku Japan sindikuzinyoza ayi. Kumeneko kuli zionetsero zikuluzikulu za bonsai. Kokufu-ten, imene imachitika mu Febuluwale ku Tokyo Metropolitan Art Museum ku Ueno, inayamba mu 1934, ndipo mtengo ukangolandiridwa kumeneko mbiri yake imasintha. Taikan-ten imachitika ku Kyoto mu Novembala, masamba atafiira. Mudzi wa bonsai wa Omiya ku Saitama unayambitsidwa mu 1925 ndi alimi a bonsai amene anachoka ku Tokyo pambuyo pa chivomezi cha 1923, ndipo chaka chilichonse pa 3 mpaka 5 Meyi kumakhala chikondwerero, misewu itadzaza ndi ogulitsa mitengo ndi miphika. Zonsezi n'zokoma kuziona. Koma mitengo imene mumaiona kumeneko ndi mapaini, majunipa ndi mamepo (maple) amene akulira m'nyengo ya ku Japan, m'dothi la timibulu la ku Japan lotchedwa akadama, ndipo ambiri adutsa m'manja mwa akatswiri kwa mibadwo ingapo. Kanema wake angakuphunzitseni kusirira, koma sangakuuzeni tsiku loyenera kudula mizu ya kachere wanu ku Gauteng, chigawo chimene kuli Joni.

Taonani nkhani ya kalendala yokha. Munthu wa ku Japan kapena ku Britain akanena kuti asinthe dothi mu Malichi, akunena za kutha kwa dzinja lozizira la kwawo. Ku Gauteng nthawi yofanana ndi imeneyo ndi kumapeto kwa Julayi mpaka Seputembala, pomwe timaso ta mitengo yoyoyola masamba tayamba kutupa. Mikuyu, kachere ndi mlambe zimadikira kuti kutenthe ndithu, cha mu Okutobala ndi Novembala. Ndipo mkati mwa South Africa momwemo nyengo si imodzi. Cape Town imalandira mvula nthawi yozizira, chilimwe chake n'chouma ndi champhepo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mvula yake ndi ya mabingu ndi matalala nthawi yotentha, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku. Durban ndi yachinyontho, chisanu kulibe. Wa ku Durban akakuuzani kuti kachere amagona panja chaka chonse akunena zoona, koma mukatsatira zimenezo ku Joni mudzapeza nthambi zakuda m'mawa umodzi. Munthu amene angakuuzeni zoona za bwalo lanu ndi amene amakhala makilomita 20 kuchokera kwanu, ndipo munthu ameneyo mukamupeza ataimirira pafupi ndi mtengo wake pa chionetsero cha kalabu.

Ndinene mosabisa: munthu amene wakhala chaka akulima bonsai koma sanapondepo pa chionetsero cha m'dera lake sanayambe kuphunzira. Akungosunga timitengo m'miphika.

Makalabu alipo ndithu. Ambiri ali pansi pa South African Bonsai Association. Ku Joni kuli Eastern Bonsai Society, ku Pretoria kuli Pretoria Bonsai Kai, ku Cape Town kuli Cape Bonsai Kai imene yakhala ikuonetsa mitengo yake ku munda wa zomera wa Kirstenbosch. Pa matebulo awo mukapeza mitengo ya kuno: azitona wa kutchire, white stinkwood, monkey thorn, spekboom, mikuyu yamitundumitundu ndi milambe. Mukapezanso kaumbidwe kamene sikanachokere ku Japan, monga ka Pierneef, kamene kanatenga dzina la wojambula zithunzi J.H. Pierneef: thunthu lopanda nthambi m'munsi, pamwamba patayanzika ngati ambulera, momwe mthethe umaonekera kutchire. Ine ndimaona kuti kukakamiza mthethe kuti uoneke ngati paini wa ku Japan, wosongoka pamwamba ndi nthambi zogwera pansi, n'kulakwira mtengowo. Munthu wokulira kumene kuli milambe ndi mithethe ali nazo kale m'maso zimene ena amavutika kuziphunzira m'mabuku, ndipo chionetsero cha pafupi chikakutsimikizirani zimenezi.

Tsono kuona mtengo kuli ndi njira yake. Anthu ambiri amadutsa holo yonse m'mphindi 15, foni ili m'mwamba, n'kutuluka opanda chimene atola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zungulirani kamodzi mwachangu, kenako sankhani mitengo isanu yokha, uliwonse muupatse mphindi 10. Imani patsogolo pake, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo weramani kuti maso anu alingane ndi pakati pa thunthu, chifukwa mukauyang'ana kuchokera pamwamba mumangoona masamba. Yambirani pansi. Mizu ya pamwamba pa dothi, imene amaitcha nebari, iyenera kuyanzika mbali zonse, isapingasane ndipo isachoke mbali imodzi yokha. Thunthu likhale lonenepa pansi n'kumachepa pokwera. Mukaona chotupa pakati, dziwani kuti pamenepo panasiyidwa nthambi zitatu kapena zinayi pamalo amodzi kwa zaka zambiri. Nthambi yoyamba nthawi zambiri imakhala cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa mtengo, ndipo ndiyo yonenepa kuposa zinzake. Tsatirani nthambi imodzi mpaka kunsonga muone ngati ikugawika pawiri, pawirinso, pawirinso. Kugawika kumeneku ndiye zaka za ntchito, sikugulika. Fufuzani zipsera zozungulira pa khungwa, zimene zimasonyeza kuti waya wopindira nthambi anachedwa kuchotsedwa. Potsiriza onani mphika: kuya kwake kumayandikira kunenepa kwa thunthu pansi, kutalika kwake kumayandikira magawo awiri mwa atatu a msinkhu wa mtengo. Mitengo ya mtundu wa paini ndi junipa imakonda kuikidwa m'miphika yosapaka zonyezimira, pomwe yamaluwa ndi yoyoyola masamba imalola yopaka. Malamulowa amaswedwa, koma mukaona aswedwa funsani chifukwa chake.

Ndipo funsani ndithu. Funso loti "mtengowu ndi wa ndalama zingati" limatseka kukamwa kwa mwini wake. Funsani kuti unachokera kuti, ku mbewu, ku nthambi yodzala kapena ku nazale. Funsani zimene wasakaniza m'dothi ndi kukula kwa timiyala take, kangati amathirira mu Disembala, amausunga kuti mu Julayi. Ambiri akakuuzani kuti akadama ndi wodula chifukwa amachokera kunja, ndipo iwo amagwiritsa ntchito timiyala ta mamilimita 2 mpaka 5 tosefa bwino, tosakaniza ndi makungwa a paini owolerana. Yankho limodzi lotere limaposa mavidiyo a mwezi wathunthu. Tengani kabuku ndi cholembera.

Musakhudze mtengo, mphika, ngakhale kathebulo kamene wakhalapo. Kanthambi kamene kamathyoka ndi chala chimodzi kangakhale ka zaka zisanu. Chikwama cha kumsana chivuleni muchinyamule kutsogolo, chifukwa mitengo yambiri imagwetsedwa ndi munthu amene akutembenuka. Pemphani musanajambule. Ana muwagwire dzanja.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa pa zionetsero, ndicho katswiri woitanidwa amene amaumba mtengo pamaso pa anthu. Amatenga junipa wa tchire lokhalokha, m'maola awiri kapena atatu wadula nthambi zambiri, wasenda khungwa, wakulunga waya, anthu n'kuwomba m'manja. Kuphunzirapo kulipo: onani momwe amasankhira kutsogolo kwa mtengo, momwe waya amazungulira mopendama madigiri 45, ndi kuti waya amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kunenepa kwa nthambi. Koma ntchito imeneyo pakhomo imagawidwa m'zaka ziwiri kapena zitatu. Mtengo wochitidwa zonsezo tsiku limodzi umafuna chisamaliro chapadera kwa miyezi, ndipo ina siipulumuka. Amene amabwerera kunyumba n'kuchita chimodzimodzi Lamulungu masana, n'kuwonjezapo kudula mizu, amaupha mtengo. Ngati pali kalasi yogwira ndi manja, pomwe mumaumba mtengo wanu mphunzitsi ali pambali, ndalama yanu ipite kumeneko.

Pa matebulo a ogulitsa

Apa ndi pamene ndalama ya mwezi imathera. Zungulirani kaye osatulutsa chikwama. Mtengo umene mwaufuna, pemphani wogulitsa kuti mugwedeze thunthu pang'ono: ukamagwedera m'dothi ndiye kuti waikidwa mumphika posachedwa ndipo mizu sinagwire. Yang'anani pansi pa mphika ngati pali mabowo otulutsa madzi. Timiyala tomatidwa ndi guluu pamwamba pa dothi ndi chizindikiro cha mtengo wokonzedwa kuti ugulidwe, osati kuti ukhale moyo. Junipa amakhalabe wobiriwira masabata angapo atafa kale, choncho masamba ake akhale ofewa ndipo nsonga zikhale zikuphuka. Tembenuzani masamba mufufuze kodikodi ndi tizilombo tomata pa nthambi. Mapaketi olembedwa kuti mbewu za bonsai asiyeni, chifukwa mbewu yotero kulibe, ndi mbewu wamba ya mtengo. Kwa munthu wa timitengo tinayi, zogula zanzeru ndi sizasi yabwino, chodulira nthambi chimene chimasiya bala lolowa mkati, waya wa aluminiyamu wa mamilimita 1.5, 2.5 ndi 4, ndi mtengo umodzi wosaumbidwa wa thunthu labwino. Mepo wa ku Japan angakukopeni, koma dzuwa ndi mphepo youma ya ku Joni zimawotcha masamba ake ngati mulibe mthunzi wa neti.

Wina akakunong'onezani za mtengo wokumba kutchire, funsani chilolezo chake. Mlambe ndi mtengo wotetezedwa ndi lamulo la nkhalango ku South Africa. Ndipo ngati mukuganiza zodzapita nawo kumudzi pa Khirisimasi, dziwani kuti chomera chamoyo sichiwoloka malire popanda chilolezo cholowetsera ndi satifiketi yosonyeza kuti chilibe matenda, ndipo dothi ndi limene limakanidwa kwambiri. Kuubisa m'katundu wa basi n'kuika pachiswe mbewu za anthu ena, komanso masiku awiri m'buti yotentha amaupha.

Poti mwatchula kamlambe, ndisaiwale: kakayoyola masamba nyengo yozizira, lekani kuthirira ndipo kaikeni pouma posafika chisanu mpaka katayamba kuphuka. Milambe yambiri ya m'miphika imafa ndi madzi a mu Juni, muzu wake wonenepa uja umawola mwini wake asakudziwa.

Tsopano za kutenga mtengo wanu. Ulendo uno ayi, pokhapokha kalabuyo ili ndi tebulo la ongoyamba kumene kapena malo opereka malangizo, ndipo zimenezo mufunse mlembi wa kalabu pasadakhale. Zionetsero zambiri zimalandira mitengo ya mamembala okha, ndipo komiti imaisankha masabata angapo tsikulo lisanafike. Lowani kalabu, dziperekeni kunyamula matebulo ndi kuthirira pa chionetsero chino, chaka chamawa mudzaonetse kachereyo. Pokonzekera, musasinthe dothi m'miyezi itatu yomaliza. Ngati ndi nyengo yotentha ndipo mtengo uli wamphamvu, dulani masamba akuluakulu masabata 6 mpaka 8 tsikulo lisanafike kuti atuluke ang'onoang'ono. Yalani ndere pa dothi kukadali masabata 4 mpaka 6 kuti igwire. Chotsani waya wonenepa, udzu ndi timadengu ta feteleza. Gwedezani nthambi pamwamba pa pepala loyera: timadontho toyenda ndi akangaude ofiira, ndipo mtengo wa tizilombo sulowa m'holo. Tsukani mphika, muupukute ndi kansalu ka mafuta pang'ono. Uthirireni mokwanira m'mawa wa tsikulo, muuike pansi m'galimoto mutautsekereza ndi matawulo, osati kumbuyo kwa galimoto ya pikapu yosatseka kumene mphepo imang'amba masamba, ndipo musausiye m'galimoto yotseka padzuwa. M'holo usapitirire masiku atatu. Ukabwerera kunyumba ukhale pamthunzi masiku awiri kapena atatu usanabwerere padzuwa, ndipo chotsaniko ndere ina kuti muziona ngati dothi lauma.