Ngongole za makasitomala zandimanga manja, ndiyambire pati?

FUNSO

Alangizi, ndili ndi shopu ku Chawama mu Lusaka kumene ndimagulitsa ufa, shuga, mafuta ophikira ndi sopo kwa eni tuntemba. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikupereka katundu pangongole kwa makasitomala amene ndimawakhulupirira, ndipo lero anthu 9 ali ndi ndalama zanga zokwana K41,000. Mwa iwo muli bambo wina wa kumpingo kwathu amene yekha ali ndi K14,500. Foni sayankha, koma ndinawaona akuoda katundu kwina ndalama zili m'manja. Mashelufu anga atsala matabwa okhaokha, ndipo kumene ndimaoda ku Kamwala safuna kumva za mawa. Achimwene anga akuti tikanyamule firiji ya bambowo kapena tiwatengere kupolisi. Ndichite chiyani?

Mayi wodandaula, Chawama

YANKHO

Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Ndalama zimene mukunenazi si phindu chabe, ndi mpamba weniweni wa bizinesi yanu, choncho musachite manyazi kuzilondola ngakhale kwa munthu amene mumakhala naye benchi imodzi Lamulungu.

Ndiyambe ndi maganizo a achimwene anu, chifukwa ndi amene angakugwetseni m'mavuto msanga. Firijiyo musaikhudze. Kulowa pamalo a munthu ndi kunyamula katundu wake popanda chilolezo chake kapena chigamulo cha khoti kungachititse kuti inu, amene muli olakwiridwa, mukhale woyankha mlandu. Kupolisi nakonso si kolipiritsira ngongole, pakuti kulephera kubweza ndalama za katundu amene munagwirizana ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo umaweruzidwa kukhoti. Chimodzimodzinso kuika chithunzi cha bambowo pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp la kumpingo: mtima ungaphwe tsiku limenelo, koma mungasumiridwe chifukwa choipitsa dzina la munthu, ndipo munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu kawirikawiri amauma mtima osalipiranso.

M'kalata yanu simunatchule chinthu chimodzi chimene nkhani yonse yagonapo. Kodi ngongolezi zinalembedwa pati, ndipo eni ake anasainira? Ndikufunsa chifukwa m'mashopu ambiri a m'makomboni mwathu ngongole imakhala m'kabuku ka mwana wa sukulu, kothimbirira ndi mafuta, momwe mwalembedwa kuti "bambo a kantemba ka pakona, shuga mabelo awiri", popanda tsiku, popanda mtengo, popanda siginecha. Kabuku kotere kamakukumbutsani inu nokha, koma mwini ngongole akakana, kamasowa mphamvu. Choncho sabata ino gulani buku lachikuto cholimba, mupatse kasitomala aliyense tsamba lake, mulembe tsiku limene anatenga katundu, mtundu wa katunduyo, mtengo wake, zimene analipirapo ndi zotsala. Sungani mauthenga onse a pafoni amene munthu anakulemberani kuti adzalipira mwezi ukatha, pamodzi ndi mauthenga a Airtel Money kapena MTN MoMo osonyeza zimene anatumizapo, chifukwa umenewo ndi umboni woti ngongoleyo akuidziwa.

Mukatero, pitani kwa aliyense payekha, m'mawa makasitomala asanachuluke, buku lili m'manja. Cholinga cha ulendo woyambawu si kubwerako ndi ndalama zonse ayi, koma kubwerako ndi pepala limene munthuyo walembapo dzina lake, nambala ya chiphaso chake cha unzika (NRC), kuchuluka kwa ngongole ndi masiku amene azilipira, atasaina pamaso pa mboni. Pepalali ndi lofunika pa chifukwa chinanso. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma pa malamulo a Zambia ngongole ya mgwirizano wamba ikadutsa zaka 6 osaisumira, mwayi woitengera kukhoti umatha. Munthu akavomereza ngongoleyo polemba ndi kusaina, kapena akalipirako pang'ono, zakazo zimayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo.

Pokambirana, musaumirire kuti mupatsidwe zonse nthawi imodzi. Mwini kantemba sagwira K5,000 pakamodzi, koma K50 kapena K100 madzulo alionse angathe, ndipo K100 patsiku imakwana K3,000 pamwezi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndimalimbikitsanso kuti wangongole musamutsekere khomo, chifukwa zimene munaona bambo aja akuoda kwina zimachitika kawirikawiri: munthu akakhala ndi ngongole amachita manyazi kudutsa pashopu panu, motero mumaluza ndalama zakale ndi malonda atsopano omwe. Auzeni kuti abwerere azigula ndi ndalama m'manja, ndipo pa oda iliyonse aziwonjezerapo kagawo kochotsera ngongole yakale. Mukakhala ndi anthu 9, mudzapeza kuti ena anangogwa m'mavuto a matenda kapena maliro, ndipo amenewa njira iyi idzawathandiza kudzuka.

Za bambo a K14,500 ndi zosiyanako, popeza zikuoneka kuti ndalama amazigwira koma asankha kukuzembani. Poti ndinu a mpingo umodzi, pemphani mkulu wa mpingo mmodzi amene nonse mumamulemekeza kuti akukhazikeni pansi mwachinsinsi, ndipo zimene mugwirizane zilembedwe, mkuluyo asaine ngati mboni. Akakana kubwera kapena akaphwanya pangano, alembereni kalata yofuna ndalama zanu, yotchula kuchuluka kwake, chiyambi cha ngongoleyo, ndi kuti mukuwapatsa masiku 14 musanapite kukhoti. Kope imodzi ya kalatayo ikhale yanu, ndipo amene wakaipereka alembe tsiku limene yaperekedwa.

Masikuwo akatha, pitani ku Small Claims Court kuno ku Lusaka. Khotili linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 kuti lizimva milandu ya ndalama zocheperapo mwachangu ndiponso mosadula. Milandu imamvedwa ndi makomishona, ndipo maloya saimirira anthu kumeneko, kutanthauza kuti mudzadziyankhulira nokha, buku lanu ndi mapepala aja zili patebulo. Kalaliki wa khoti adzakupatsani mafomu ndi kukuuzani malire a ndalama zimene khotilo limaweruza, komanso ngati nkhani yanu iyenera kupita ku khoti la majisitireti (Subordinate Court). Mukapambana koma munthu osalipirabe, khoti lingalamule kuti katundu wake alandidwe ndi kugulitsidwa kudzera ku ofesi ya Sheriff. Popanda chilolezo cha mwini wake, imeneyo ndiyo njira yokhayo imene firiji ija ingachokere pamalo pake inu osapalamula.

Pa ngongole zazing'ono, werengerani bwino. Ngati munthu ali ndi K300 ndipo anasamukira ku Kafue, ndalama za basi ndi tsiku lotseka shopu zidzaposa zimene mukulondola. Ilembeni patsamba la zotayika kuti mabuku anu anene zoona, ngakhale kuti mwini wake akadzaonekera mudzamukumbutsabe. Musayesenso kubwezera zotayikazo poika chiwongoladzanja chimene simunagwirizane pachiyambi, chifukwa mudzaoneka ngati wa kaloba ndipo mudzapatsa wangongole chifukwa chokanira.

Kuyambira lero, ngongole yatsopano isatuluke kufikira theka la K41,000 litabwerera. Mukadzayambiranso, aliyense akhale ndi malire ake, mwachitsanzo katundu wa sabata imodzi, ndipo asatenge wina asanamalize woyamba. Ndalama zoyamba kubwerera musazigawe kunyumba. Pitani nazo ku Kamwala mukaode shuga ndi mafuta ophikira, pakuti ndi katundu amene amayenda msanga ndipo adzabweza makasitomala pakhomo panu.