Ku hockey ya NHL, amene amatseka chitseko ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwathu amene anasamukira ku Winnipeg, m'dziko la Canada. Ndaidula pang'ono, koma nkhani yake ndi iyi:

"Kuno anthu amakonda hockey ya pa ayezi ngati mmene timakondera mpira kumudzi. Tsiku lina tikuonera fainolo ya Stanley Cup kunyumba kwa mnzanga wa kuntchito, panatulukira bambo wina wovala suti kudzapereka chikho, ndipo bwalo lonse linayamba kumukuwiza. Nditafunsa, anandiuza kuti ameneyo ndi Gary Bettman, munthu wa ma lockout. Ine ndinkayesa kuti osewera ndi amene ankanyanyala. Kodi lockout n'chiyani, nanga wolakwa ndani? Anthu olandira mamiliyoni amadandaulanso chiyani?"

Achimwene, zikomo polemba. Tiyambe ndi mawuwo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezekera. Sitiraka timaidziwa tonse: antchito amaika zida pansi mpaka bwana amve madandaulo awo. Lockout ndi mbali inayo. Antchito akufuna kugwira ntchito, koma bwana wakhoma geti, waimitsa malipiro, ndipo akuti sakutsegula mpaka avomere zimene iye akufuna. Ngakhale lamulo lathu la ku Malawi la Labour Relations Act la 1996 limatchula zonse ziwiri, kungoti lockout sitiiona kawirikawiri. Mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku America ndi Canada, osewera ananyanyalapo kamodzi kokha, mu 1992, kwa masiku 10. Eni matimu atsekera osewera kunja katatu: mu 1994, mu 2004 ndi mu 2012. Katatu konseko mkulu wa ligi anali Bettman yemwe munamuonayo.

Sitiraka ya 1992 ija ndiyo inabala zonse. Osewera a NHL amalandira malipiro awo mkati mwa sizoni, kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Masewera opikisanira chikho akamayamba mu Epulo, malipiro amakhala atatha, pomwe eni matimu nthawi imeneyo ndi pamene amakolola, chifukwa matikiti amadula ndipo mabwalo amadzaza. Mtsogoleri watsopano wa bungwe la osewera la NHLPA, Bob Goodenow, anaona zimenezi n'kuitanitsa sitiraka pa 1 Epulo, mpikisano wa chikho uli pafupi kuyamba. Eni matimu anagonja msanga, ndipo pulezidenti wa ligi, John Ziegler, anachoka pampando chaka chomwecho. Koma anatolapo phunziro: osadzayambanso sizoni popanda mgwirizano wosainidwa. Kuyambira pamenepo amakhoma geti ligi isanayambe, osewera asanalandire ngakhale dola imodzi, kuti njala iyambire kwa osewerawo.

Bettman anayamba ntchito pa 1 Febuluwale 1993, kuchokera ku ligi ya basketball ya NBA kumene kunali kale lamulo la salary cap, ndiye kuti malire a ndalama zimene timu imodzi ingalipire osewera ake onse pa chaka. Eni matimu anamutenga akufuna chomwecho. Lockout yoyamba inatenga masiku 103, kuyambira 1 Okutobala 1994 mpaka 11 Januwale 1995, ndipo timu iliyonse inasewera magemu 48 m'malo mwa 84. Malire a timu yonse sanawapeze. Anangopeza malire a malipiro a osewera ongolowa kumene.

Anzanu a ku Winnipeg ali ndi chilonda chawochawo cha zaka zimenezo. Matimu a m'mizinda yaing'ono ya ku Canada ankapeza ndalama zawo m'madola a Canada koma n'kumalipira osewera m'madola a America, pomwe dola ya Canada inali kugwa. Mu 1995 timu ya Quebec Nordiques inasamukira ku Denver. Mu 1996 Winnipeg Jets inapita ku Phoenix, m'chipululu, ndipo mzinda wanuwo unakhala wopanda timu ya NHL zaka 15 mpaka 2011 pamene Atlanta Thrashers inagulidwa n'kubwera kumeneko. Mukamva akumukuwiza Bettman, ena mwa iwo akulirira zimenezo.

Tsono tifike pa 2004, pamene zinthu zinafika poipa. Malipiro anali atakwera zedi: mu 1990-91 wosewera ankalandira pafupifupi madola 271,000 pa chaka tikagawa mofanana, koma pofika 2003-04 anali madola pafupifupi 1.8 miliyoni. Ligi inalemba ntchito Arthur Levitt, yemwe anatsogolerapo bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, kuti aunike mabuku. Iye anati matimu analuza madola 273 miliyoni mu sizoni ya 2002-03 ndipo pafupifupi 75 peresenti ya ndalama zolowa inkapita kwa osewera. Osewera sanakhulupirire manambalawo.

Musafulumire kuwanena kuti ndi ouma mutu. Mu 1957 Ted Lindsay, katswiri wa Detroit Red Wings, anayesa kuyambitsa bungwe la osewera, mwa zina pofuna kudziwa mmene ndalama zawo za penshoni zikuyendera. Timu yake inamugulitsa ku Chicago, imene nthawiyo inali kumunsi kwa ligi. Bungwe litakhazikika mu 1967, mtsogoleri wake Alan Eagleson anadzapezeka kuti ankadyera osewera omwewo masuku pamutu. Mu 1998 anavomera milandu ya chinyengo ndipo analowa m'ndende. Anthu amene anapusitsidwapo ndi bwana komanso ndi mtsogoleri wawo yemwe, mukawaonetsa pepala la bwana lonena kuti ndalama zatha, sangangogwedeza mutu.

Komanso funsani kuti malipirowo anakweza ndani. Palibe wosewera amene anagwira mwini timu pakhosi. Mu 2002 New York Rangers inapatsa Bobby Holik, wosewera wabwino koma osati wogoletsa kwambiri, kontirakiti ya madola 45 miliyoni kwa zaka zisanu. Timu yomweyo inkalipira osewera ake madola oposa 70 miliyoni pa chaka, komabe inatha masizoni asanu ndi awiri otsatizana osalowa mu mpikisano wa chikho. Matimu olemera akakweza mtengo, osauka ankakakamizika kutsatira kapena kutaya akatswiri awo. Ine mmene ndimaionera nkhaniyi, eni matimu ankalephera kudziletsa okha, ndiye ankafuna kuti osewera asaine lamulo lowamanga manja iwo eni akewo, mtengo wake n'kulipira osewera.

Geti linakhomedwa pa 16 Sepitembala 2004. Mu Disembala osewera anapereka chinthu chimene palibe ankachiyembekezera: kudula malipiro a makontirakiti onse ndi 24 peresenti, bola pasakhale malire. Ligi inakana. Mu Febuluwale 2005 osewera anavomera mfundo ya malire imene Goodenow ankaikana kwa zaka, ndipo mkangano unatsalira pa nambala: osewera ankati madola 49 miliyoni pa timu, ligi inkati 42.5 miliyoni. Pa 16 Febuluwale Bettman anaima pamaso pa atolankhani ku New York n'kulengeza kuti sizoni yonse yathetsedwa. Patatha masiku atatu Wayne Gretzky ndi Mario Lemieux, akatswiri awiri olemekezeka koposa amene nthawiyo analinso ndi gawo m'matimu, anakhala nawo pa zokambirana zina, koma sizinaphule kanthu. Magemu 1,230 anapita osaseweredwa. Stanley Cup sinaperekedwe kwa aliyense, koyamba chiyambire 1919 pamene mliri wa chimfine unaimitsa fainolo.

Chikho chimenechi chili ndi mwambo woti maina a osewera a timu yopambana amazokotedwa pa malamba asiliva ozungulira thunthu lake, timu ndi timu, chaka ndi chaka. Pakati pa maina onsewo pali kamzere kena kopanda dzina la munthu: "2004-05 Season Not Played", kutanthauza kuti chaka chimenecho sikunaseweredwe. Ine ndikaona chithunzi cha kamzere kameneko zimandikhudza, chifukwa moyo wa wosewera pa ayezi ndi waufupi ndipo chaka chotayika sichibwerera. Osewera oposa 350 anakapeza ntchito ku Ulaya. Joe Thornton ndi Rick Nash anali ku Davos ku Switzerland, Peter Forsberg anabwerera ku Modo kwawo ku Sweden, Jaromir Jagr anasewera ku Kladno kenako ku Omsk. Koma Mark Messier, Scott Stevens, Ron Francis ndi Al MacInnis sanabwererenso. Anapuma ligi isanatsegulidwe.

Mgwirizano unatheka mu Julayi 2005, patatha masiku 310. Malire anaikidwa pa madola 39 miliyoni, kutsika kuposa 42.5 imene osewera anaikana mu Febuluwale, ndipo 24 peresenti ija inadulidwabe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Goodenow anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa. Gawo la osewera linamangiriridwa pa 54 peresenti ya ndalama zolowa, ndipo panabwera chinthu chimene osewera amadana nacho mpaka lero, escrow: pa malipiro alionse amadulapo gawo n'kulisunga padera, ndipo ngati ligi sinapeze ndalama zimene inkayembekezera, gawolo limapita kwa eni matimu. Munthu amasaina kontirakiti ya ndalama zakutizakuti koma sadziwa zimene zidzalowe m'thumba mpaka chaka chitatha.

Ndinene chilungamo, malirewo anathandiza matimu aang'ono. Kunaikidwanso mlingo wapansi woti timu isalipire mochepera, ndipo matimu olemera anayamba kugawirako osauka. Popanda zimenezi ndikukayika ngati Winnipeg ikanabwezeredwa timu. Pa lockout ya 2004 ndimatha kumva mbali zonse ziwiri.

Ya 2012 ndiye ayi. Eni matimu anali atapeza dongosolo limene ankalifuna, ndalama za ligi zinali zitakwera kuchoka pa madola 2 biliyoni ndi pang'ono kufika pa 3.3 biliyoni, ndipo gawo la osewera linali litafika pa 57 peresenti motsatira mgwirizano womwe ligi inasaina yokha. Taonani izi. Pa 4 Julayi 2012, mwini wa Minnesota Wild, Craig Leipold, anasainitsa Zach Parise ndi Ryan Suter, aliyense madola 98 miliyoni kwa zaka 13. Patangotha miyezi iwiri ndi theka geti linakhomedwa, Leipold yemweyo ali m'gulu la eni matimu okambirana ndi osewera, mbali yake ikunena kuti malipiro achuluka ndipo makontirakiti atalika. Osewera nthawiyi anali ndi Donald Fehr, yemwe anatsogolera osewera a baseball pa sitiraka ya 1994, munthu wosapupuluma. Gemu ya panja ya pa 1 Januwale, imene ikanakhala ya Detroit ndi Toronto, inathetsedwa. Mkhalapakati wa boma la America, Scot Beckenbaugh, anachita kuyenda wapansi m'misewu ya New York pakati pa ofesi ya ligi ndi hotelo ya osewera, kunyamula mawu uku ndi uku, mpaka anagwirizana m'mawa wa pa 6 Januwale 2013. Ndalama zinagawidwa pakati ndi pakati, 50 kwa 50. Makontirakiti anaikidwa malire a zaka 7, kapena 8 ngati wosewera akukhalabe pa timu yake. Sizoni inayamba pa 19 Januwale, magemu 48 ngati mu 1995.

Mwafunsa kuti anthu a mamiliyoni amadandaula chiyani. Ndikumvetsa, makamaka kwa ife amene tikudziwa zimene mphunzitsi amalandira kwathu. Koma mkanganowu si wa wolemera ndi wosauka, ndi wa momwe agawanire ndalama zimene masapota apereka kale. Dola imene yachotsedwa kwa wosewera siitsitsa mtengo wa tikiti, imapita kwa mwini timu. Wosewerayo ndi amene amathyoka mano ndi mafupa, ena n'kuvulala muubongo, ndipo ambiri safikitsa zaka khumi mu ligi. Mwini timu amakhalabe ndi timu yake, mtengo wake ukukwera chaka ndi chaka. Bettman naye sakhoma geti mwa yekha. Iye ndi wantchito wa eni matimu, amalandira mkuwizo m'malo mwawo, ndipo amusunga zaka zoposa 30 chifukwa amawachitira zimene akufuna.

Amene amandimvetsa chisoni kwenikweni sakhala pa tebulo la zokambirana. Ndi mayi wogulitsa zakumwa m'bwalo, woonetsa anthu mipando, woyang'anira poimika magalimoto, woperekera zakudya mu lesitilanti ya pafupi ndi bwalo. Timu iliyonse imakhala ndi magemu oposa 40 a pakhomo pa sizoni, ndipo ambiri mwa anthu amenewa amalipidwa pa gemu. M'mizinda ngati yanuyo, ena ogwira ntchito zotere ndi anthu obwera ngati inu. Mgwirizano ukatheka palibe amene amawabwezera masiku awo.

Pakadali pano kuli bata. Mu 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, mbali ziwirizi zinawonjezera mgwirizano popanda kukhoma geti. Mu 2025 Bettman ndi Marty Walsh, yemwe anali meya wa Boston komanso nduna ya zantchito ku America asanayambe kutsogolera NHLPA mu 2023, anagwirizana zatsopano chaka chathunthu mgwirizano wakale usanathe. Watsopanowu ufika mpaka 2030, magemu anawakweza kufika 84 pa sizoni kuyambira 2026-27, ndipo malire a malipiro a 2025-26 anaikidwa pa madola 95.5 miliyoni pa timu. Mukakumananso ndi mnzanu uja, mum'funse kumene anali mu 1996 pamene Jets inkachoka, ndipo mudzandilembere zimene akuuzeni.