Khonsolo ya Dedza ndi zojambula za m'miyala ku Chongoni

Achimwene, mwafunsa ngati khonsolo ya Dedza ili ndi mbali posamala zojambula za ku Chongoni, poti zili m'manja mwa boma lalikulu. Mbali ilipo ndithu. Zoona, malo 127 a zojambulazi, omwe bungwe la UNESCO lidawazindikira mu 2006 ngati malo ofunika padziko lonse, amayang'aniridwa ndi nthambi yoona za zinthu zakale. Komatu lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'dera lake, ndipo mapulani a chitukuko amayambira kumudzi, ku makomiti a chitukuko a m'midzi (ma VDC).

Chimandiwawa n'kuona maina olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula za makolo, mitengo yozungulira phanga ikutha. A ku Lilongwe sangalondere phanga lililonse. Pitani kwa khansala wanu ndi amfumu, nkhani ya alonda a m'midzi yomweyo ikalowe m'bajeti ya khonsolo.