Mkangowo uchotseni, funsani agogo kaye

Achimwene, mwafunsa ngati midzi yathu kuno ku Mulanje ili ndi chizindikiro chojambulidwa pa chishango chonga cha boma chija, poti inu a mudzi umodzi okhala ku Johannesburg mukufuna kudinda malaya. Chithunzi mwaikacho ndachiona, mkango wovala chisoti chachifumu. Chonde mkangowo uchotseni.

Zojambula pa chishangozi zinayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1100. Ankhondo ankavala zitsulo mpaka kumaso, ndiye ankazindikirana ndi chojambula cha pa chishango. Kenaka mabanja ndi matauni anatengera. Kuno zinabwera ndi atsamunda: cha Nyasaland chinali ndi kambuku ataima pathanthwe, dzuwa likutuluka. Cha Malawi ndi cha 1964, ndipo tachiyang'anitsitsani pa pasipoti yanuyo. Pamwamba pali nkhwazi, pa chishango pali mafunde a nyanja, mkango ndi dzuwa. Nanga pansi pamene mkango ndi kambuku apondapo? Ndi phiri la Mulanje, lathu lomweli!

Koma mudzi ulibe chishango. Mudzi umadziwika ndi dzina, kawirikawiri la munthu amene anayamba kutema tchire pamalopo. Ngakhale chidindo cha amfumu, chachikulu pamenepo ndi dzinalo. Ndiye musanajambule kanthu, imbirani agogo aakazi ndi eni mbumba, akuuzeni kumene munachokera.

Kwathu agogo ankatiuza kuti amayi awo anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique atamanga nandolo wambewu pansonga ya nsalu, n'kudzafikira pa thangata m'minda ya azungu. Nandolo ameneyo timadyabe mpaka lero. Ndikanakhala ine ndikanajambula nthambi ya nandolo ndi ng'oma ya tchopa, kumbuyo Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija. Mkungudza ndikanauikanso, poti mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha, ndipo ocheka matabwa autha ife tikuona. Mtima umandipweteka ndikakumana ndi anyamata atasenza matabwa akutsika ku Likhubula.

Za tsamba la tiyi muganize kawiri. N'lokongola, inde, koma alipo akuluakulu amene akaliona amakumbuka malo amene makolo awo analandidwa.

Cha boma musachikopere, chimatetezedwa ndi lamulo. Mukamaliza kujambula, tumizani chithunzicho kumudzi, amfumu ndi nduna zawo achione musanapite nacho kodinda.